Figure yatsopano pa contra ndi ceilidh: liyambe dzina kapena ayambe mapazi?

Nachisale:
Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu amene mumaitana, kuuza ovina pamaiki chochita chotsatira, pa magule a contra (a ku America, ovinidwa m'mizere) ndi ceilidh (a pachisangalalo a ku Scotland ndi Ireland). Tinene kuti holo yadzaza, theka ndi ozolowera, theka ndi alendo amene sanavinepo, ndipo ena mwa alendowo ndi akwathu amene Chingerezi amachimva, koma osati cha pamaiki bandi ikulira. Gule amene mukufuna kuitana ali ndi figure (kayendedwe kokhala ndi dzina lake) imodzi imene ambiri sakuidziwa, tinene mad robin. Mumatchula kaye dzina n'kufotokoza, kapena mumawayendetsa kaye dzina n'kubwera pambuyo? Chachiwiri, munthu akapeka kayendedwe kake, ndi liti pamene kamayenera dzina lakelake? Gule ndikunenayu ndi wa mizere iwiri yaitali, mapeyala oyamba atasinthana malo:

A1: balance (kuponda kutsogolo n'kubwerera) ndi swing (kuzungulira awiri atagwirana) ndi neba (wa peyala inayo), masitepe 16
A2: mizere yaitali kutsogolo n'kubwerera, 8; mad robin, 8
B1: ma Robin (pa peyala iliyonse mmodzi amatchedwa Robin, wina Lark) adutsana pakati phewa lamanja, swing ndi mnzako, 16
B2: bwalo kumanzere malo atatu, 8, balance, 4, kudutsana ndi neba kukapeza watsopano, 4

Bambo Mbewe:
Mayi Nachisale, ayambe mapazi. Mukangonena kuti "tsopano tiphunzira mad robin", mlendo wamva kale kuti kukubwera chovuta ndipo mtima wakwera. Ozolowera nawo amayamba pomwepo kufotokozera anzawo, aliyense ndi mawu ake, holo yonse phokoso, maiki yanu yatha ntchito.

Chitani chonchi. Akamaliza mizere yaitali, onse aima njo moyang'ana patsidya. Nenani: "Amene ali patsogolo panu patsidyapo ndi mnzanu. Amene ali pambali panu ndi neba. Muzungulira neba, koma maso ndi chifuwa zisachoke kwa mnzanu." Kenako: "Ma Robin sitepe imodzi kutsogolo, ma Lark imodzi kumbuyo. Yendani chammbali ngati nkhanu mpaka mutasinthana malo ndi neba. Imani pomwepo." Kuimitsa pakatipa n'kofunika, chifukwa ndi pamene mumaona seti (kagulu ka mapeyala awiri) yomwe yasochera zisanafike patali. Ndiye: "Tsopano ma Lark kutsogolo, ma Robin kumbuyo, aliyense abwerere kwawo." Akafika, m'pamene mumati: "Mwachitazi dzina lake ndi mad robin." Musadikire, abwereze nthawi yomweyo mosaima pakati, inu mukutchula dzinalo mmene mudzalitchulire nyimbo ikamalira. Zonsezi zisapitirire mphindi imodzi.

Jere:
Ndiwonjezere msampha umodzi pa zimene anena bambo Mbewe. Oitana ambiri amaphunzitsa mad robin podzera ku do-si-do, kuja awiri amazungulirana modutsana misana osagwirana: "Chitani do-si-do ndi neba. Mwaiona njira mwadutsayo? Idutseninso, koma moyang'ana mnzanu." Njirayi ndi yachangu ndipo imagwira, koma onetsetsani mbali. Swing ikatha, Lark amaima kumanzere, Robin kumanja. Awiriwa akatembenukirana n'kuchita do-si-do wamba, wodutsana phewa lamanja, amene amadzera mkati mwa seti ndi Lark. Gule wa achemwali Nachisale akufuna Robin ayambe kutsogolo, ndiye do-si-do wake ndi wa phewa lamanzere, uja ena amati see-saw.

Chifukwa chake n'chakuti amene wayamba kutsogolo ndi yemweyo amene thupi lake limakhala likulowera pakati figure ikamatha. B1 ikuyamba ndi ma Robin kudutsana. Ngati anayamba kutsogolo ndi Lark, pofika sitepe ya 8 Robin amakhala akubwerera chambuyo, ayenera kuima ndi kusintha, ndipo amachedwa masitepe awiri, pamene Lark akulowera pakati pomwe sakufunika. Anthu amagundana mapewa, woitana n'kumaganiza kuti sanamve, chonsecho analakwitsa ndi iye pophunzitsa.

Nangondo:
Ine pa nkhani yobisa dzina sindikugwirizana nanu kwathunthu, bambo Mbewe. Ngati theka la holo likuidziwa figure, dzina ndi chida chanu. Mukati "mad robin, ma Robin kutsogolo", anthu awiri mwa anayi alionse ayamba kuyenda molondola, ndipo mlendo amatsatira thupi la neba wake msanga kuposa mawu a pamaiki. Kuwayendetsa ozolowera pang'onopang'ono pa chinthu chimene akhala akuvina zaka zambiri kumawatopetsa, ndipo wotopa samvetsera. Mukadzafika pa chinthu chimene iwonso sakuchidziwa, makutu atseka kale.

Bambo Mbewe:
Mwanena zoona mayi Nangondo, koma zimadalira mmene alendo akhalira m'mizere. Alendo amabwera limodzi, amavina okhaokha, ndipo amaima kumunsi kwa holo chifukwa amachedwa kulowa mumzere. Ndiye kumtunda kuli ozolowera okhaokha, kumunsi kuli seti zitatu zopanda wodziwa ngakhale mmodzi. Woitana akayang'ana pafupi aona zonse zili bwino, pamene kumunsi kuli piringupiringu. Ngati asakanikirana bwino, tchulani dzina muone chimene chichitike. Ngati sanasakanikirane, asakanizeni kaye: pemphani kuti aliyense atenge munthu amene sanavine naye, kapena yambani ndi gule wa bwalo wosinthana anzawo.

Nangondo:
Apo ndavomera. Ndipo woitana aziyang'ana seti yakutali, osati ya pamphuno pake.

Gogo Nkhoma:
Ana anga, musaiwale kuonetsa. Pali ma figure amene mawu amangowasokoneza. Hey ya anthu anayi, yoyenda molukana pamzere osagwirana, ndi imodzi mwa iwo. Mukafotokoza kuti lamanja pakati, lamanzere m'mbali, ukafika kumapeto ukhotere kumanzere n'kubwerera, mwanena zoona zokhazokha koma mlendo waima kakasi. Tsikani pa siteji, sankhani seti ya pakati pa holo, pemphani ena onse anjute kapena akhale pansi kuti akumbuyo aone. Musasankhe akatswiri okonda kuonjezera zokometsera, chifukwa mlendo sadziwa kusiyanitsa figure ndi zokometserazo, adzayesa kukopera zonse. Onetsani pa liwiro lenileni la gule. Hey yoyenda pang'onopang'ono imavuta kuposa yachangu, chifukwa munthu akaima amataya njira.

Musanawayendetse, auzeni kumene akathere. "Yang'anani pamene mwaima. Hey yonse, masitepe 16, ikubwezani pomwepa. Theka lake, masitepe 8, likusiyani patsidya." Munthu wodziwa kothera, ngakhale asochere pakati, amakafika. Zimenezi n'chimodzimodzi pa figure iliyonse yatsopano: ndi ndani, ndipo ukathera kuti. Zapakatizo thupi limapeza lokha pofika kachitatu.

Nachisale:
Zikomo agogo. Nanga poitana penipeni, nyimbo itayamba? Chifukwa kufotokoza m'Chichewa kumatheka, koma mawu amatalika.

Jere:
Tiwerenge. Nyimbo ya contra ndi masitepe 64: A1, A2, B1, B2, chigawo chilichonse 16, ndipo khutu limamva chikugawika 8 ndi 8. A ku Scotland amawerenga ma bar 32, bar imodzi ndi masitepe awiri oyenda. Liwiro limakhala pakati pa 112 ndi 120 pa mphindi, choncho gule kuzungulira kamodzi ndi masekondi 30 ndi pang'ono. Mawu oitanira amanenedwa figure isanayambe, pa sitepe 5, 6, 7, 8 ya chigawo chimene chikuthacho, kuti phazi likamatera pa 1 munthu akhale atamva kale. Masitepe anayi amenewa ndi masekondi awiri basi. Muli malo a maphatikizo pafupifupi 8 ngati mukufuna kuti amveke m'holo.

Tsopano werengani "gwiranani manja ndi neba muzungulire". Maphatikizo 14. Salowa. Mukawakakamiza mudzamaliza pa sitepe 2 kapena 3 ya figure yatsopano, ndipo woitana wochedwa amachedwetsa holo yonse. Ndiye pophunzitsa lankhulani Chichewa chonse chimene mukufuna, koma poitana mukhale ndi mawu afupiafupi amene munawaphunzitsa kale: neba, mnzanu, bwalo, mizere, dutsani. Chichewa chimatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye limenelo ndilo ligwere pa biti: NEba, BWAlo, miZEre, duTSAni. Ndondomeko ikhale yomweyo nthawi zonse, ndani, chiyani, mpaka pati. Mukayamba ndi figure, munthu amatambasula dzanja asanadziwe kuti alipereke kwa yani.

Nangondo:
Pali vuto lina la Chichewa chathu limene woitana aliyense alidziwe. Kumanja ndi kumanzere zimayamba mofanana. M'holo yaphokoso munthu amamva "kuman" n'kudikira, ndipo pamene akumva mapeto phazi lanyamuka kale. Mukadula n'kunena "manja", ena amva kuti agwirane manja, ena aomba m'manja. Choncho mawu awiriwa asakhale oitanira pa malo othina. Gwiritsani zinthu zooneka: kwa oyimba, kukhomo, mkati, kunja, patsidya. Pa gule wa ceilidh wa Strip the Willow palibenso chifukwa chotchulira mbali: pophunzitsa nenani kamodzi kuti mkono wamanja ndi wa mnzanu, wamanzere ndi wa ali pamzere, kenako muziitana "mnzanu, pamzere, mnzanu, pamzere". Mkono umene unali womasuka ndi umene ukugwira ntchito yotsatira, ndipo thupi limazindikira msanga.

Kachingwe:
Ndifunse nawo monga wophunzira. Bwanji osangomasulira mayina onse m'Chichewa kuti akwathu asavutike? Kwathu mganda ndi malipenga zimasintha masitepe ndi wezulo ndi ng'oma, popanda dzina lachilendo.

Gogo Nkhoma:
Mwana wanga, a mganda amakhala akuyeserera masabata ambiri, gulu lomwelo, ndiye wezulo amangokumbutsa chimene miyendo ikudziwa kale. Pa ceilidh anthu akumana usiku womwewo, aphunzira mphindi zitatu, avina, mawa aliyense kwawo. N'chifukwa chake pamafunika mawu. Tsono dzina la figure ntchito yake ndi iwiri. Yoyamba ndi ya usiku umenewo. Yachiwiri ndi yakuti munthu akapita ku Glasgow, Sheffield kapena Boston, akamva dzina lomwelo adziwe chochita. Mukamuphunzitsa dzina limene mwapanga nokha pa figure yomwe ili kale ndi dzina, mwamuthandiza lero, mawa mwamusiya yekha. Ine ndimati ma figure odziwika paliponse, swing, do-si-do, chain, hey, asunge mayina awo. Mawu olozera munthu ndi malo, amenewo nenani m'chilankhulo chimene holo ikumva. Paukwati, pamene anthu sadzavinanso mpaka ukwati wina, masulirani mmene mungathere, palibe chotayika.

Jere:
Koma tisaganize kuti mayina a Chingereziwo ndi olongosoka. Ambiri sanena chilichonse za kayendedwe, anangotengedwa ku magule akale amene figure inachokerako. Mad robin ndi dzina la gule wa ku England wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Petronella ndi gule wa ku Scotland, woyamba m'buku loyamba la bungwe la magule a ku Scotland la RSCDS, lomwe linakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1923. Rory O'More, kuja mumagwirana mumzere n'kutsetserekera mbali, nalonso ndi dzina la gule wakale. Kaimidwe ka Becket, kamene mnzako amakhala pambali pako osati patsidya, kanatenga dzina ku gule wa Herbie Gaudreau, amene anamutcha dzina la Camp Becket ku Massachusetts. Mlendo akamva mayina amenewa alibe pogwira, ayenera kungoloweza.

Choopsa kwambiri ndi dzina limodzi la zinthu ziwiri. Pa contra, allemande ndi kugwirana dzanja limodzi awiri n'kuzungulirana. Kwa a RSCDS, allemande ndi figure ya mapeyala awiri kapena atatu, ma bar 8, manja atakwezedwa paphewa, ndipo pomaliza mapeyala asinthana malo. Petronella wa ku Scotland umatembenuka kaye kenako n'kuponda pamalo, ndipo ukuyenda ndi peyala yoyamba. Wa contra ya masiku ano onse anayi amayamba ndi balance kenako n'kutembenukira malo amodzi kumanja. Ku England kuli ma figure awiri otchedwa siding, osiyanitsidwa ndi mayina a akatswiri a magule: ya Cecil Sharp, yodutsana n'kubwerera mokhota, ndi imene Pat Shaw anadzalimbikitsa pambuyo pake, yongofika phewa ndi phewa n'kubwerera. Do-si-do wa kumapiri a Appalachia ndi wa manja, wosiyana ndi wodutsana misana uja. Palinso chinthu chimodzi cha mayina awiri: chimene Angerezi amati hey, a ku Scotland amati reel.

Ndiye ngati m'holo muli anthu ochokera ku miyambo yosiyana, "ozolowera" aja mayi Nangondo amawadalira akhoza kuyenda molimba mtima njira ziwiri zosiyana. Pa mayina amene ndatchulawa, yendetsani kaye.

Nangondo:
Zoona achimwene. Poussette muiikenso pa gulu lomwelo.

Bambo Mbewe:
Pa funso lachiwiri la mayi Nachisale, tiphunzirepo pa zimene zinachitikira square dance ya ku America. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, oitana anayamba kupikisana kupeka ma figure, aliyense ndi dzina lake, mpaka mayina anafika masauzande. Wovina wa mzinda wina sankatha kuvina mzinda wina. Bungwe la Callerlab, lomwe linayamba m'zaka za m'ma 1970, linakonza mindandanda, Basic, Mainstream, Plus ndi yopitirira apo, kuti dzina lililonse likhale ndi tanthauzo limodzi. Zinathandiza, moti ngakhale ku Japan ndi ku Germany amaitana ndi mawu omwewo a Chingerezi. Koma mtengo wake ndi wakuti munthu amayenera kuphunzira miyezi asanalowe m'gule wa kalabu. Contra ndi ceilidh mphamvu yake ndi yakuti munthu wongolowa pakhomo amavina usiku womwewo. Dzina lililonse latsopano limadula pang'ono mphamvu imeneyi. Choncho mayi, tiuzeni kayendedwe kanuko tikaone ngati n'katsopanodi.

Nachisale:
Ndi aka, kolowa m'malo mwa B2. Bwalo kumanzere malo awiri okha, masitepe 4. Balance onse anayi atagwirana, 4. Aliyense asiya manja n'kutembenukira malo amodzi kumanzere, 4. Kudutsana ndi neba, 4. Malo awiri kuphatikiza amodzi ndi atatu omwe aja, ndiye aliyense akuthera pamene amayenera. Ndimaganiza zokatcha dzina kuti ndisamatalikitse mawu.

Bambo Mbewe:
Masamu ake ali bwino, ndipo kayendedweko n'kokoma, chifukwa kutembenukira phewa lamanzere kumamasula mutu pambuyo pa swing, yomwe usiku wonse imazungulira mbali imodzi. Koma dzina ayi. Ndi zidutswa zodziwika kale, ndipo chilichonse chimaneneka m'masitepe anayi. Figure imayenera dzina pokhapokha ngati zinthu zingapo zikuchitika nthawi imodzi moti simungazinene zonse nthawi isanathe, ngati muigwiritsa ntchito m'magule angapo osati mmodzi, ndiponso ngati mwafunsa oitana ena n'kupeza kuti ilibe kale dzina. Chachitatuchi ambiri amachidumpha. Zambiri zimene timaziona zatsopano zili kale m'magule a ku England kapena mu square dance. Ngati mukufuna kutcha dzina, tchani gule yense.

Jere:
Ndipo chenjerani ndi mawu akuti petronella pamenepa. Wozolowera akamva balance ya anthu anayi, thupi lake lakonzeka kale kupita kumanja, ena manja ali m'mwamba kudikira kuomba m'manja kawiri kumene anazolowera pa petronella. Mukati "petronella ya kumanzere", liwu loyamba lamunyamula musanamalize. Taonani zotsatira zake. Mmodzi akapita kumanja ena atatu kumanzere, anthu awiri akumana pa malo amodzi ali mkati motembenuka, zigongono zili panja. Onse anayi akapita kumanja, sagundana, ndipo saona kuti alakwa, koma ayenda malo amodzi m'malo mwa atatu. Peyala yoyamba ili kumunsi, yachiwiri kumtunda. Akadutsana, oyamba akukwera, achiwiri akutsika, mbali zotembenuka. Gule apitirira ngati palibe kanthu, koma mapeyala awiriwo akubwerera kumene anachokera.

Nangondo:
Njira yake ndi yosatchula mbali n'komwe. Poyendetsa koyamba chotsani kutembenuka: "Bwalo linkapita uku. Lozani malo otsatira mbali yomweyo. Siyani manja, yendani mukaime pamenepo." Kachiwiri onjezani: "Amene akufuna atembenuke popita, phewa lamanzere litsogole kumbuyo." Kutembenukako kukhale kwa wofuna, chifukwa okalamba ndi amene amamva chizungulire angoyenda ndipo afika nthawi yomweyo. Liwu loitanira likhale "komweko". Maphatikizo atatu, silifanana ndi liwu lina lililonse la usikuwo, ndipo likunena chochita. Kwa omva Chingerezi chokha liphunzitseni poyendetsa, aligwira, monga akwathu amagwirira do-si-do.

Ozolowera auzeni poyera kamodzi: "Apa thupi likunamizani, si kumene munazolowera." Amakonda kuchenjezedwa, ndipo akachenjezedwa amatchera khutu.

Kachingwe:
Nanga dzina likafunikadi, labwino ndi lotani?

Gogo Nkhoma:
Lalifupi, maphatikizo awiri kapena atatu. Lisayambe ngati dzina lina la figure, chifukwa m'holo anthu amamva chiyambi cha liwu. Ngati n'kotheka lionetse chochitika. Ricochet ndi chitsanzo chabwino: mu hey, awiri akakumana pakati sadutsana, amagunditsa zikhatho n'kukankhana pang'ono, aliyense n'kubwerera mbali yake. Womva Chingerezi akamva liwulo waona kale chithunzi. Give and take ya Larry Jennings nayonso imadzinena yokha. Box the gnat sinena kanthu, inangokhala chifukwa ndi yakale. Dzina la munthu kapena la mudzi wanu lisungireni gule.

Lisakhalenso dzina lopweteka anthu. Figure yozungulirana awiri moyang'anana osagwirana inkatchedwa gypsy, liwu limene anthu ambiri a mtundu wa Roma amaliona lonyoza. Oitana ambiri a contra analisiya, tsopano amati right shoulder round, ena walk around. Posintha dzina chonchi, musachite msonkhano pamaiki. Yendetsani figure, tchulani dzina latsopano, pitirirani. Ozolowera aizindikira ndi mapazi.

Nachisale:
Za Lark ndi Robin bwanji? Akwathu ena amafunsa kuti mbalamezi zikutani m'gule.

Jere:
Ndi mayina a malo, osati a anthu. Lark amathera kumanzere swing ikatha, Robin kumanja, potengera zilembo zoyamba za left ndi right. Magulu ambiri a contra anawatenga m'malo mwa gents ndi ladies kuti aliyense avine mbali imene akufuna. Kwa woganiza m'Chichewa chikumbutso cha zilembocho sichigwira, ndiye musatayepo nthawi. Imikani mapeyala moyang'ana oyimba, nenani "inu a mbali iyi kwezani dzanja, ndinu ma Lark", kenako enawo. Pa ceilidh ya paukwati, pamene amayi amachuluka ndipo ambiri amavina okhaokha, "abambo" ndi "amayi" zimasokoneza. Pa gule wa Gay Gordons nenani wamkati ndi wakunja, zatha. Chachikulu, musasinthe mayina pakati pa usiku.

Bambo Mbewe:
Poti tatchula ceilidh, figure imene imagwetsa anthu kwambiri kumeneko ndi reel ya atatu mu Dashing White Sergeant, gule wovinidwa atatuatatu, pa chigawo chachitatu cha ma bar 8. Iphunzitseni pawiri. Choyamba akumapeto awiri aime chilili, wapakati yekha ajambule nambala 8 pansi, kuzungulira uyu, kudzera pakati, kuzungulira uyo. Kenako auzeni akumapeto kuti nawonso ayende pa 8 yemweyo. Wapakati ayang'anane ndi wa kumanja kwake, adutsane, ambiri amayamba ndi phewa lamanzere. Wachitatu adikire pang'ono, kenako alowe moyang'anana ndi wakumapeto mnzake akamabwera. Pamene zimafera ndi pa wachitatuyu: akanyamuka limodzi ndi anzake, onse atatu afika pakati nthawi imodzi. Chinanso, akumapeto amatembenuka pamalo m'malo mokhota mozungulira, ndiye amafika msanga n'kutseka njira. Auzeni akhote motakasuka, ma bar 8 ndi ambiri. Ngati mwayendetsa kawiri osagwira, chotsani reel, wapakati angokolana mkono ndi uyu kenako ndi uyo mosinthanasinthana mpaka ma bar atha. Koma mukatero musatchule kuti reel.

Gogo Nkhoma:
Figure yachilendo ikhale imodzi pa gule, ndipo isakhale m'gule woyamba kapena womaliza. Mukaiphunzitsa m'gule wachitatu, ibwerenso m'wachisanu mongoitchula dzina, kuti dzinalo likhazikike. Gule wa Nachisale ali ndi ubwino umodzi: mad robin yatsogozedwa ndi mizere yaitali, imene imaimika aliyense pamalo pake, ndipo yatsatidwa ndi swing ya mnzako, pamene wosochera amapezeka. Koma mukaikamonso "komweko" uja, zachilendo zakhala ziwiri. Kwa holo ya alendo theka, sankhani chimodzi usiku umenewo.

Nangondo:
Ndipo zikasweka nyimbo ili mkati, musafotokozenso figure pamaiki, palibe angamve. Itanani chinthu chachikulu chotsatira mofuula ndi msanga: "Pezani mnzanu, swing." Seti yobalalikiratu iuzeni iime moyang'anana ndi neba idikire A1. Figure yatsopano muziitchula nthawi zambiri kuposa zinazo. Pofika kachinayi kapena kachisanu swing ndi mizere mwazisiya, koma mad robin muziinenabe, ndipo muibwezere pamene peyala imene inali kudikira kumapeto yangolowanso, chifukwa amenewo akhala kunja kuzungulira kamodzi ndipo asintha nambala.

Nachisale:
Ndamva. Ndisunga B2 yakale, "komweko" adikire tsiku lina. Pakhadi ndilemba magawo atatu pa mad robin. Ophunzitsira ndi aja a bambo Mbewe, oima pakati. Oitanira koyamba: "Neba, mad robin, ma Robin kutsogolo." Ofupikitsa: "Mad robin." Pali chimene ndasiya?

Jere:
Oitanira koyambawo atalika, achemwali, apitirira kwambiri maphatikizo 8. Agaweni pawiri. Mizere ikamapita kutsogolo, pa sitepe 1 mpaka 4, nenani "maso kwa mnzanu". Ikamabwerera, pa 5 mpaka 8, "Robin kutsogolo, mad robin". Liwu lakuti neba lichotseni pamenepo, chifukwa mlendo akalimva amatembenukira neba, ndipo mad robin yasanduka do-si-do. Ndiye mad robin ikafika pa sitepe 5, yambani kale "Robin dutsani, mnzanu swing", kuti alowe pakati osaima.